Bwana wa Esiteti ya M'foni

"Ng'ombe zanga makumi anayi zapita kuti?" anakuwa Lackson, akumenyetsa foni patebulo la Farouk, wokonza mafoni pa Mitundu.

Kunja kuno Lackson anali tenanti pa esiteti ya fodya cha ku Nathenje. Koma m'gemu ya ulimi imene anagula pafoni anali bwana wa mathirakitala awiri, wochotsa anthu ntchito akangodzuka ndi mkwiyo.

Farouk anawerenga uthenga umene unali pafonipo, akudziluma mlomo kuti asaseke.

"Foni ilibe vuto, achimwene. Eni ake a gemuyi ayitseka."

"Eni ake atinso? Si ndinagula ine?"

"Akuti munda simunagule. Anangokulolani kulimamo mpaka iwo atatopa nanu."

Lackson anavula chipewa, nafunsa motsitsa mawu:

"Ndiye kuti m'fonimunso ndinali tenanti?"