Bambo amene anasinthanitsa mawu a mwana wake

Panali bambo wina wowotcherera zitsulo, munthu wamtima wabwino ndithu, koma makutu ake ankangokongoletsa mutu. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi amene anabadwa wosalankhula. Kumva ankamva, nzeru anali nazo, koma mawu osatuluka. Ndiye ankalankhula ndi tabuleti, ija imakhala ngati foni yaikulu. Mkati munali pulogalamu ya zithunzi. Akadina kapu, tabuleti inkati "madzi". Akadina khutu kenako nkhope yolira, inkati "khutu likuwawa". Mawu onsewo anali a mayi ake, amene anawajambula limodzilimodzi kuyambira mwanayo ali wamng'ono.

Tabuletiyo inali itakalamba, galasi long'aluka pakona, kumbuyo komata ndi selotepi. Bamboyu ankachita nayo manyazi. Iye wopangira anthu mageti onyezimira, mwana wake n'kumayenda ndi chinthu chomatamata? Anayamba kunena zosintha.

Mlamu wake, wokonza mafoni, anamukhazika pansi. Anamufotokozera kuti matabuleti amaoneka ofanana kunja, koma chimene chimawayendetsa mkati n'chosiyana. Pulogalamu imene imayenda bwino pa mtundu wina, pa mtundu wina siipezeka, kapena umapeza yongoyerekeza, yodzadza ndi malonda. Anatinso batire siiyezedwa ndi zolembedwa pa katoni, imayezedwa ndi kuigwiritsa ntchito, ndipo yakaleyo, ngakhale inali yosaoneka bwino, inkafika madzulo isanathe moto.

"Alamu, mukafuna ina mubwere tikaone limodzi. Ndipo mawu tiyambe tawasunga pena," anatero.

Mayi a mwana uja anawonjezera kuti asayerekeze kuigwira iwo kulibe. Bambo anangoti wamva, maso ali kudenga.

Tsiku lina anapita nayo kutauni kuti akasinthitse galasi. Akudikira basi, anakumana ndi munthu wa jekete labwino atanyamula tabuleti yaikulu ngati thireyi. Munthuyo anali ndi pakamwa potsekemera. Anati batire yake imatha sabata, mapulogalamu onse a padziko alimo, ya zithunziyo ndiye yosavuta. Anamuonetsadi kapu pagalasi, yowala bwino. Bambo anaganiza za nkhope ya mwana wake akailandira, mtima unadumpha. Anapereka yakale ija, n'kuwonjezera kangachepe, anthu n'kusiyana.

Kunyumba anaifikitsa ataikulunga m'pepala lamphatso, akumwetulira mpaka mano onse panja. Mwana anaitsegula, anadina kapu, ndipo munatuluka mawu a bambo wachilendo m'chinenero china. Anadinanso, pagalasi panabwera malonda a nsapato. Anafufuza chithunzi cha mayi ake, cha galu wawo, cha bulangete lake, palibe. Anaiika pampando pang'onopang'ono n'kupita kukayang'ana yakale m'chikwama cha bambo ake.

Mayi sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinawawa kwambiri. Anangofunsa kuti, "Bambo a mwana, mawu anga aja ali kuti?"

M'mawa mwake, mayi atapita kuntchito, mwana anayamba kulira. Ankalira akugubuduka, osalola kumugwira. Bambo anathamangira tabuleti yatsopano ija, imene anaitchaja mpaka kudzadza. Anagwada n'kumupempha kuti amuonetse pamene pakuwawa. Mwana anayesetsa, misozi ili chuchuchu, chala chikufufuza. Panabwera malonda ena, chinthu chija chinatentha ngati simbi, kenako galasi linangoti bii. Dzuwa linali lisanafike n'komwe pamutu.

Abale inu, bambo wamkulu uja, wopinda zitsulo ndi manja, anamubereka mwana mpaka kuchipatala akulira naye limodzi. Namwino anafunsa chimene chikumuvuta, bambo anangoti sakudziwa. Anamupima thupi lonse, mwana akukuwa, mpaka anapeza kuti khutu latupa mkati. Chinthu choti mwanayo akanachinena yekha ndi kudina kawiri.

Munthu wa jekete uja sanaonekenso. Bambo anazungulira malo okwerera basi mpaka nsapato zinatha, koma ayi ndithu. Mlamu wake sananene kuti "ndinakuuzani", ngakhale zinkamuyabwa pakamwa. Anafufuza tabuleti yogwiritsidwapo kale ntchito ya mtundu wa yakale ija, anaiyesa batire tsiku lonse, n'kuikamo pulogalamu yeniyeni. Koma inali yopanda mawu. Mayi anayambiranso kujambula, liwu ndi liwu, madzulo alionse akaweruka.

Masiku onsewo bambo ankachedwa dala kushedi kwake kowotchererako zitsulo. Akabwera ankakhala pakhonde, kuopa maso a mwana. Tsiku lina madzulo anamva mawu a mkazi wake m'nyumba akuti, "Bambo. Bwerani." Atalowa anapeza mkaziyo ali kukhitchini, mwana ali pampando ndi tabuleti pamiyendo. Anakhala pambali pake n'kutambasula dzanja kuti aione. Mwana anaikokera pachifuwa, anamuyang'ana m'maso, n'kudina kawiri.

"Bambo. Osagwira."

Kukhitchini kunamveka kuseka. Kenako mwana anatsamiritsa mutu paphewa la bambo ake, ndipo bamboyo anakhala pomwepo, manja atawapinda kumbuyo, misozi ikutsika mpaka m'ndevu.

Phunziro: Tabuleti musaisankhe chifukwa cha kukula kwa galasi kapena pakamwa pa wogulitsa. Onani ngati pulogalamu imene mumadalira ikuyenda bwino pamenepo, yesani batire nokha, ndipo sungani pena zimene zili m'yakale musanaipereke. Chikondi chosafunsa chimapweteka amene timawakonda. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu, makamaka kwa abambo aja amati amva pamene maso ali kudenga.