Njira Yodikira Alendo

"Amayi, nanga kansalu kofiiraka akamangiranji pamenepa?" anafunsa mtsikanayo ali pa njinga yake ya olumala.

Mayi ake ankayang'ana njira yotsetsereka ya simenti yolowera m'kalasi yoyamba, njira imene inawachititsa kulumpha sukulu ziwiri zapafupi n'kudzamulembetsa kuno. Inali yatsopano, yopentedwa m'mbali, koma yotchingidwa ndi riboni. Pambali pake panali masitepe asanu.

Ahedi anatulukira akupukuta magalasi. "Mwafika, mayi! Ana ngati awa ndi amene timawafuna. Mwaiona njira yawo?"

"Ndaiona, ahedi. Tidutse?"

"Aa, pepani! Alendo amene anatimangira akubwera Lachisanu kudzadula riboni. Matayala angadetsepo."

"Ndiye alowa bwanji m'kalasi?"

"Masiku anayi okha, mayi. Mwamubereka zaka zisanu ndi chimodzi, mungalephere lero?"

Mayiwo anamubereka mwana wawo, yunifolomu yake yosita bwino ikukwinyika, n'kukwera masitepe ana onse akuonerera. Kumsanako anamva kamtsikanako kakubisa nkhope. Atakakhazika pa desiki, anatsikanso kukanyamula njinga. Ahedi, poti ndi munthu waulemu, anawagwirira chikwama.

"Lachisanulo mudzabwere naye molawirira," anatero ahedi. "Adzakhala woyamba kudutsapo, ojambula zithunzi adzakhalapo. Mudzatsukenso njingayi, idzawale."

Mayiwo analandira chikwama chawo ndi manja awiri, n'kupinda mawondo pang'ono.

"Zikomo kwambiri, ahedi. Koma Lachisanu mwanayu adzadwala."