Chinenero Chimene Mayi Teng Ankachiopa

Magdalena anamva kuti phu! ali kukhitchini. Atathamangira kubafa anapeza Mayi Teng ali thapsa pansi, ndodo yawo ili uko. Madzi anali atatayikira pa matailosi ndipo zovala zawo zinali zitanyowa kale. Anayesa kuwadzutsa koma msana wake unakana. Mayiwo ankangobuula, milomo ikuyamba kuda.

Anaimbira ambulansi. Anamuuza kuti misewu yatsekeka ndi chipale chofewa, adikire, koma ngati palibe chimene chathyoka awachotse pozizirapo. Anaimbira mwana wa mayiwo, Bambo Teng, mwini golosale ya pansi pa nyumbayo mumsewu wa Parnell Street, ku Ireland. Iwo anali atatseka sitolo n'kupita ku Finglas, dera lina la mzindawo, kukatenga katundu, ndipo galimoto yawo inali itakanirira pamsewu.

Ntchito yosamalira nkhalambayi Magdalena anaipeza movutikira. Hotela imene ankagwirako chichokereni kwawo ku Dedza inatsekedwa chuma cha Ireland chitagwa, ndipo anatha nsapato akugogoda m'makomo. Tsiku limene ankamulemba ntchito, Bambo Teng anamupatsa lamulo limodzi lokha, koma anayamba ndi mbiri.

Kwawo kunali ku Shenyang, kumpoto kwa China. Kale mzindawo unkalamulidwa ndi mkulu wina wa asilikali amene sankamvera boma lililonse. Anyamata ake ankalanda chakudya m'misika ndi kugwira amuna mumsewu kuti akamumenyere nkhondo. Agogo awo a Bambo Teng, amene ankakoka kangolo konyamula anthu, anapulumuka pobisala m'nkhokwe ya mapira. Kenako mu 1931 kunabwera asilikali a ku Japan, ndipo anthu anayamba kunena kuti bola mkulu uja. Achimwene a agogowo anatengedwa kupita kumigodi ya malasha, osabwerako. Mayi Teng anabadwa m'masiku amenewo.

"Zimene anaona sananenepo," anatero Bambo Teng. "Koma asamve Chijapanizi m'nyumba muno. Tsiku lina anachimva pa TV, tinawapeza atadzitsekera mu wodulopu akunjenjemera. Mtima wawo ndi wofooka. Adokotala akuti mantha ena ngati amenewo akhoza kuwatenga."

Tsopano m'nyumba yonse yosanjikizanayo munali munthu mmodzi yekha woti n'kuthandiza: Mayi Fumiko a m'chipinda cham'mwamba, mphunzitsi wa piyano wochokera ku Japan. Nthawi zonse Magdalena ankaonetsetsa kuti awiriwa asakumane, ngakhale pamasitepe. Anaima pakhomo la bafa. Akawasiya pansipo, kuzizira kuwapha. Akaitana mayi uja, mantha awapha. Anadziona ali kupolisi akufotokoza za nkhalamba ya eni yofera m'manja mwake, m'dziko la eni.

Mayi Teng anasiya kubuula. Zimenezo ndi zimene zinamuthamangitsa. Anakwera masitepe n'kugogoda ndi manja awiri.

"Chonde mayi, ndithandizeni kunyamula munthu. Koma musalankhule chinenero chakwanu. Ngakhale liwu limodzi. Ndagwira mwendo wanu."

Mayi Fumiko anamuyang'ana, anayang'ana chitseko cham'munsicho, ndipo anaoneka kuti amvetsa. Anatsika osafunsa kanthu.

Anawanyamula, wina kukhwapa wina kumiyendo. Mayi Teng anali atatsinzina, mutu uli lende. Anadutsa nawo pakanjira kopanikiza ka m'nyumbamo pang'onopang'ono mpaka kuchipinda. Powatsitsira pa bedi, Mayi Fumiko anaterereka ndi sokosi zonyowa, bondo n'kumenya chitsulo cha bedilo. Mawu anangotuluka okha, m'chinenero chakwawo.

Mayi Teng anatsegula maso.

Anagwira dzanja la Mayi Fumiko mwamphamvu moti zikhadabo zinalowa m'khungu. Chifuwa chawo chinkakwera ndi kutsika msangamsanga. Kenako anayamba kulankhula ndi kamawu kopyapyala kamene Magdalena anali asanakamvepo, misozi ikutsikira m'makutu. Ankabwereza mawu amodzimodzi, n'kupuma, n'kubwerezanso.

"Tulukani!" anakuwa Magdalena, akukoka phewa la Mayi Fumiko. "Mukuwapha! Tulukani!"

Koma dzanja la nkhalambayo silinamasuke. Magdalena anayesa kutanyula zalazo, zinali ngati waya. Anagwada pambali pa bedi n'kuyamba kupemphera, koma pempherolo linamuthawa pakati. Chakutali kunkamveka kulira kwa ambulansi, kosayandikira.

Mayi Fumiko sanasunthe. Anawerama n'kutchera khutu pakamwa pa nkhalambayo, nkhope yawo itachita kuyererako. Kenako ananena mawu ochepa motsitsa, ndipo nkhalambayo inayankha.

"Mumamva Chitchaina?" anafunsa Magdalena. "Akuti chiyani? Akupempha kuti musawaphe?"

Mayi Fumiko anapukusa mutu.

"Si Chitchaina ichi," anatero. "Akulankhula Chijapanizi, ngati kamwana. Akuti dzina lawo ndi Setsuko. Tsiku limene anthu akwathu a ku Japan ankathawa ku China nkhondo itatha, amayi awo anawasiya m'manja mwa banja la Chitchaina, n'kuwauza kuti akadzangolankhula chinenerochi adzaphedwa, adikire kufikira wina adzabwere. Akufunsa ngati ndabwera kudzawatenga."