Woyamba Kuthandizidwa

Thumba la zochapa linamuphulikira Glory m'kolido ya nyumba yosamalira okalamba ku Edmonton, kumpoto kwa London. Nsalu zonyowa ndi mikodzo zinangoti mbwee pansi, fungo lake lobaya m'mphuno. Nthawi yomweyo, chapatsogolo pang'ono, Marjorie, wantchito mnzake, anagwetsa timatawulo toyera, n'kuyamba kutukwana ngati denga lamugwera.

Devorah, mayi wachiyuda amene anali mkulu wawo pantchito, anatulukira. Anamuyang'ana Glory, n'kumudutsa, n'kukagwada kwa Marjorie kutola timatawulo tija.

Glory zinamunyansa kuposa fungolo. Marjorie ameneyu! Waulesi, wamwano, wosadziwa n'zikomo yemwe, amene dzana lomweli anakamunamizira Devorah kwa manijala. Koma tsiku ndi tsiku woyamba kuthandizidwa ndi yemweyo. Pamene iye Glory, zaka zonsezi, Loweruka lililonse amagwira shifiti ya Devorah kuti mnzakeyo asunge Sabata. Ubwenzi wake ndi umenewu? Kunyambita wokulavulira, wokukonda n'kumusiya m'mikodzo? Zamanyazi. Anatsimikiza mumtima kuti za Lowerukazo zathera pomwepo, mayiwa akapeze chitsiru china.

Devorah atabwera kudzagwira mbali ina ya thumbalo, Glory analikoka mwaukali.

"Siyani, mayi, pitani kwa wokondedwa wanuyo. Ndipo Loweruka likubwerali muone chochita, ine ndatopa nazo."

"Wokondedwa?" Devorah anatsitsa mawu. "Mtsikana ameneyu ndikangomva mawu ake, ndimachita nseru."

"Nanga mumamuthamangira chifukwa chiyani?"

"Kwathu timaphunzitsidwa kuti mnzako ndi mdani wako akalemedwa ndi katundu nthawi imodzi, uyambe ndi mdaniyo. Manja akazolowera kumuthandiza, mtima umatsatira pambuyo, chidani n'kutha."

Glory anakwinya mphuno, kenako anaseka chiseko chonyoza. Ananamizidwapo zambiri muno mu London, koma bodza lotere anali asanalimvepo.

"Musandipusitse. Munthu wonyansa chonchi mungadzamukonde inu? Munaonapo pati zoterozo zitatheka?"

Devorah anawerama, n'kutola nsalu imodzi ndi nsonga za zala, n'kuiponya m'thumba.

"Kamodzi," anatero. "Chaka chimene unayamba ntchito kuno, ndinkayamba ndi iwe."