Timagalasi Tiwiri Topanda Mayina

"Ndani walemba ndi inki pa timagalasi iti?" anakalipa mayi woyeza magazi, akutigwedeza pamaso pa namwino. "Ndinene kangati kuti pensulo yokha? Onani, sipiriti wafufuta mayina onse!"

Pa timagalasito anapakapo mafuta a m'mafupa a odwala awiri omwe magazi awo sankaundana msanga: kamtsikana ka zaka zisanu ndi bambo wina wachikulire. Onse anabayidwa chisingano m'chiuno dzulo lake potenga mafutawo.

Mayiyo anasuzumira m'makina ake oonera tinthu ting'onoting'ono akung'ung'udza. Kagalasi koyamba kanali kodzaza maselo osakhwima, monga zimakhalira mwa ana. Pa kachiwiri maselo anali apatalipatali, monga mwa akuluakulu.

Dokotala atalowa, mayiyo anamuonetsa koyambako. "Aka ndi ka mwana, adokotala. Ndikulumbira."

"Mankhwala sitiperekera kulumbira," anayankha dokotala. "Abayidwenso onse."

Mayiyo anamenya tebulo. "Ndiye wolakwayo akawauze yekha amayi a mwanayo! Ine ayi."

Namwino anatambasula dzanja mwaulemu. "Chabwino, achemwali. Koma musanapite, mundibwezereko cholembera changa cha inki chija munabwereka dzulo polemba mayina pa timagalasito."