Ampu Yonunkha Utsi

A Kangwa anangokhudza nsambo imodzi ya gitala, n'kuzimitsa ampu yatsopano yokuzira mawu a gitalayo.

"Yanga ija ili kuti?"

"Ndakasinthitsa kushopu ku Ndola, bambo," anayankha Bupe, mwana wawo wamkazi. "Iyi anaipanga mofanana ndendende ndi yakale ija. Nayonso ndi ya mababu m'kati, koma siigwira shoko."

"Ndendende! Wakutuma ndani iwe?"

"Mwezi wathawu yakale ija si inakugwetsani pansi ndi shoko anthu akuona? Mukufuna tikuikeni m'manda chifukwa cha chibokosi chonunkha utsi?"

A Kangwa anamenya tebulo. Chibokosi chimenecho ankachinyamula awiriwiri ndi malemu Lombe, mng'ono wawo, kuzungulira mabala onse a mu Kitwe. Pamwamba pake panali chipsera cha ndudu imene Lombe anaiwala pomwepo tsiku limene anaimba komaliza.

"Vala nsapato. Tikukaitenga pompano."

Bupe sanasunthe. "Yapita kale, bambo. Mzungu wina waigula ine ndili pomwepo."

A Kangwa anazula waya wa gitala, n'kuyamba kumukulunga.

"Ndiye umuitane mzunguyo. Adzakuimbire iyeyo pa ukwati wako Loweruka."