Che Sumani Sadadinde

Chala chachikulu cha Che Sumani chidatsala pang'ono kukhudza inki pamene akazi awo, Abiti Bakali, adatulukira kuchokera kuseri kwa nyumba.

"Subhanallah! Abambo a Sameer, mukudinda chiyani?"

Namwino Victoria, yemwe adakhala pakhondepo ndi mapepala pamiyendo, adayambiranso kufotokoza. Adali wa gulu lochita kafukufuku wa matenda othamanga magazi pakati pa okalamba a ku Chowe. Wolowa m'kafukufukuyo amapimidwa pakhomo pake mwezi ndi mwezi, amalandira mankhwala osadukiza, ndipo dzina lake saliulula kwa munthu, ngakhale kwa mwamuna wake kapena mkazi wake. Tsikulo lidali lomaliza kulemba maina.

"BP ya agogowa yakwera moopsa," adatero namwinoyo. "Mutu umene akudandaulawu ndi dzanzi la mkonoli si zamasewera. Mchere asiye, mankhwala ayambe lero."

Che Sumani ankadziwa kuti si zamasewera. Mwezi womwewo adali atagwa kawiri mumzikiti akuwerama pa swala. Chipatala chidali kutali, kumunsi kwa mapiri. Munthu amene moyo wake wonse ankalavula akamva mawu oti dokotala, lero adatambasula yekha chala. Mantha, abale!

Abiti Bakali adagwada nagwira dzanja la amuna awo ndi manja awiri. Zala za mayiwo zidali psuu ndi utoto wa hina wopaka m'mawa womwewo. Gogo wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu kudzikongoletsa Lachiwiri, kopanda chikwati, kopanda Idi.

"Mwaiwala zimene mudandiphunzitsa nokha?" adatero misozi ili lengelenge. "Anthu awa ndi opopa magazi. Bwanji sakufuna anyamata? Akufuna ife nkhalamba chifukwa tikafa palibe amafunsa. Ayesere mankhwala awo pa inu? Ine nditsale ndi yani?"

Che Sumani adazyolika. Mawuwo adalidi awo. Zaka makumi atatu zapitazo, mwana wawo mmodzi yekhayo, Sameer, adagonekedwa m'chipatala ndi malungo, maso atayera mbee. Madokotala adati afunika kumuwonjezera magazi. Che Sumani adamunyamula pabedi namuika paphewa, ati magazi a mtundu wawo sasakanizidwa ndi a anthu osadziwika. Mayi wake atakakamira chitseko, adalandira khofi pamaso pa wodi yonse. Mwanayo adatsirizika patapita masiku awiri, pamphasa, pakhonde lomweli.

Kuyambira pamenepo Abiti Bakali sadatsutsenso amuna awo pa kanthu kalikonse. Mudzi wonse unkawatama kuti ndi mkazi womvera. Anamwali ankauzidwa kuti atengere iwowo. Ndipo m'mawa ndi madzulo ankaitanabe amuna awo kuti abambo a Sameer.

"Mayi, palibe amene akukakamizidwa," adatero namwino. Adayang'ana zala zofiirazo kanthawi. "Koma chonde, ngati akana, mawa lomwe apite kuchipatala. Akhoza kufa ziwalo tsiku lililonse."

"Mwamva? Wayamba kale kutitemberera!" Abiti Bakali adaomba m'manja. "Amuna anga ndiwasamala ndekha. Ndiwaphikira adyo ndi mandimu. Zaka zonsezi akhala ndi moyo chifukwa cha mapepala anuwo?"

Che Sumani adayang'ana inki, nayang'ana akazi awo. Mutu unkagunda ngati wina akusinja m'katimo. Koma kudinda kukadatanthauza kuvomereza pamaso pa mkazi uyu kuti tsiku lija adalakwa. Adabweza dzanja nalibisa m'kanzu, mkanjo wawo wautali.

"Nyamulani katundu wanu, mwana wanga," adatero. "Pano palibe wodinda."

Namwino adalongedza makina ake opimira BP pang'onopang'ono, ngati akudikira kuti wina alankhule. Galimoto yake idatsika phiri, fumbi nkutha.

"Mwandipulumutsa, Abiti," adatero Che Sumani, akusisita mkono wadzanzi uja. "Ndikadapusa."

"Gonani pamphasapo, abambo a Sameer. Ndiwo zatsala pang'ono kupsa."

Kuseri, Abiti Bakali adamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kabotolo ka mapiritsi a kafukufuku, nameza limodzi. Adayang'ana chala chawo chachikulu: hina adali ataphimba bwino inki imene adadinda dzulo lake papepala la namwino yemwe uja. Kenaka adatapa mchere wodzaza dzanja nathira mu ndiwo za abambo a Sameer.